Magetsi a ndege akuvuta dzuwa likulowa: chotcheka, chokonza ndi poyenera kusiyira injiniya

Vuto ili silikutha pa ndege zing'onozing'ono, makamaka ma Cessna 152, 172 ndi 206 omwe ambiri amaphunzirira kapena kugwirira ntchito. Ndege yauluka tsiku lonse masana, palibe amene wayatsa magetsi a m'mapiko, ndiye ulendo womaliza wachedwa, 5 koloko yakwana, munthu akukankha switchi ya NAV, yoyatsa magetsi a m'mapiko ndi mchira, n'kupeza getsi limodzi ndi lakufa. Injiniya waweruka kalekale, okwera ali pansi pa phiko ndi zikwama zawo, ndipo apa ndi pomwe anthu amayamba kudzinamiza kuti tikafika kusanade.

Kuno kwathu kumada msanga. Ku Lilongwe mu Juni dzuwa limalowa pakati pa 17:20 ndi 17:30, mu Januwale cha m'ma 18:20, ndipo chisisira chake n'chachifupi, mphindi 20 ndi pang'ono basi kwada. Amene anaphunzira ku Ulaya amaiwala zimenezi poti ku London mu Juni kumakhala kukuwalabe mphindi zoposa 40 dzuwa litalowa. Muonjezepo utsi wa mu Seputembala ndi Okutobala anthu akamatentha tchire, kapena chithunzithunzi cha phiri ngati Mulanje ndi Zomba, mupeza pansi kwada kale inu m'mwamba mukulionabe dzuwa. Komanso lamulo la magetsi siliyembekeza mdima. Annex 2 ya ICAO, bungwe la za maulendo a ndege padziko lonse, imati kuyambira kulowa kwa dzuwa mpaka kutuluka, kapena nthawi ina imene boma la dzikolo laika, ndege youluka ionetse magetsi a m'mapiko ndi mchira komanso getsi lophethira, ndipo ku America lamulo la 91.209 limanena zomwezo. Anthu amasokoneza ndi tanthauzo la usiku lolembera mu logbook (buku la maola a payiloti), lomwe limayamba chisisira chikatha dzuwa litatsika madigiri 6. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, magetsi amafunika dzuwa likangolowa.

Ndiye langizo lalikulu ndi lotopetsa kumva koma ndi lomweli: ngati pali mpata uliwonse woti mudzatera dzuwa likulowa, tchekani magetsi m'mawa kapena masana injiniya akadalipo, mudzatchekenso musananyamuke.

KATCHEKEDWE KAKE

Zoyenera kuoneka: lofiira kuphiko lakumanzere, lobiriwira kuphiko lakumanja, loyera kumchira. Lofiira ndi lobiriwira lililonse limawala madigiri 110 kuchokera kutsogolo kupita mbali yake, loyera limatseka madigiri 140 otsala kumbuyo. Ndiye mukaima kumbuyo kwa phiko simuliona lofiira ngakhale lili bwinobwino, imani kutsogolo pang'ono.

- Makiyi a magneto (olizira injini) akhale m'thumba, switchi ya avionics (wailesi ndi zida zina) yothima, pasakhale munthu pafupi ndi propela.
- Yatsani master (switchi yaikulu ya magetsi onse), kenako magetsi limodzilimodzi mukuyang'ana ammeter (geji yoonetsa ma amp). Muvi ukasuntha ndiye kuti china chikukoka magetsi, ukangokhala phee pa getsi lalikulu ngati landing light (getsi lounikira potera) mwadziwiratu kuti ndi lakufa.
- Zungulirani ndege mwachangu, mphindi imodzi kapena ziwiri, mubwere muthimitse. Landing light ya 100W pa ndege ya 14V imakoka pafupifupi ma amp 8, batire la ndege ndi laling'ono, musamalitafune kenako n'kudabwa injini ikukana kulira.
- Getsi lililonse liphimbeni ndi manja kapena chipewa kuti pakhale mthunzi, muone ngati likuyakadi.

Mfundo yomalizayi ndi imene imagwetsa ambiri. Dzuwa likatsika limalowa cham'mbali mu galasi lofiira kapena lobiriwira, n'kumenya kasiliva ka kuseri kwa babu n'kubwerera, ndipo mukaona muli pamphuno pa ndege mungalumbire kuti getsi layaka pamene ndi lakufa. Kwinaku mbali yowala kwambiri getsi labwinobwino limaoneka ngati lathima. Ma Cessna ena ali ndi kapulasitiki koonekera kunsonga kwa phiko koti muzionera getsi muli m'kati, usiku kamathandiza koma nthawi ya chisisira kamanamanso chimodzimodzi. Pitani pomwepo, phimbani, onani.

1. GETSI LIMODZI SILIKUYAKA, ENA ONSE ALI BWINO

Ili ndiye la tsiku ndi tsiku. Poti ena akuyaka, switchi ndi buleka (circuit breaker, kabatani kodula magetsi akachuluka) zilibe mlandu, vuto lili kunsonga komweko kapena pa waya wopita kumeneko.

- Babu lapsa. Nthawi zambiri ndi zimenezi. Thimitsani, suzumirani ndi tochi, kawaya ka m'kati kamaoneka koduka kapena galasi la babu lada. Ma bwalo a fumbi ndi miyala amagwedeza ndege kwambiri ndipo nsonga ya phiko ndi yomwe imavina koposa, mababu satha nthawi.
- Dzimbiri mu soketi. Madzi amalowa raba yotsekera galasi ikauma. Ndege zogona panja nthawi ya dzinja kapena zokhalitsa kunyanja zimadwala kwambiri nthenda imeneyi. Mukachotsa babu mupeza zoyera kapena zobiriwira pansi pake.
- Ethi (earth, njira yobwerera magetsi) yatayika. Ndege zambiri zachitsulo zili ngati galimoto, waya ndi mmodzi, magetsi amabwerera kudzera m'thupi la ndege. Koma nsonga za mapiko zambiri ndi zapulasitiki kapena fibreglass, ndiye pamakhala kawaya ka ethi kopita ku chitsulo cha phiko, kakamasuka kapena kuchita dzimbiri getsi lathima ngakhale babu ndi latsopano.
- Pulagi inaiwalika. Ngati ndege yangochoka kumene pa sevisi ya maola 100 kapena ya chaka ndipo anachotsa nsonga za mapiko, ganizirani izi poyamba, zikwere pamwamba pa mndandanda.
- Waya woduka m'kati mwa phiko, kaya wakhulika pa nthiti ya chitsulo kaya makoswe a mu hangar alawa. Sizichitika kawirikawiri koma zimachitika. Getsi la kumchira lokhala pa rudder (mbali ya mchira yokhotetsa ndege) waya wake amapindika nthawi iliyonse mukaponda pedo, amadzaduka pamene pamapindikirapo.

Chochita: ngati ndinu ololedwa kusintha babu, sinthani ndi la nambala yomwe ili m'buku la zida za ndegeyo. Apa samalani ndi voteji. Cessna 172 inali ya 14V mpaka 1977, kuyambira 1978 ndi ya 28V, ndipo mababu a m'mapiko A-7512-12 ndi A-7512-24 amafanana ngati mapasa mukangowaona. La 12 mukaliika pa ndege ya 28V liwala kamodzi n'kupsa pomwepo, la 24 pa ndege ya 14V lingoti pyuu ngati khala. Werengani zolembedwa pa babu musanaike. Kasiliva ka babu kamakhala mbali imodzi, kakhale kumbuyo kuti kuwala kupite kutsogolo ndi kunja.

Babu latsopano likakananso siyirani pomwepo. Zotsalazo ndi za multimeter (choyezera magetsi) ndi injiniya.

Ndipo za kumenya nsonga ya phiko ndi chikhatho getsi n'kuyaka, eya zimayakadi, koma simunakonze kanthu. Mwangogundanitsa kawaya koduka kapena soketi yadzimbiri, mukangothamanga pa bwalo lithimanso ndipo m'mwamba mulibe wokamenyanso.

Wina anganene kuti getsi limodzi lokha ndi nkhani yanji. Ganizirani mnzanu amene akubwera kutsogolo kwanu. Akaona lobiriwira kumanzere kwake ndi lofiira kumanja kwake amadziwa kuti mukulunjikana, aliyense akhotere kumanja. Lofiira lanu likafa iye akungoona lobiriwira lokha, ndipo kwa iye zikutanthauza kuti inu ndi amene mukuyenera kumupatsa njira, ndiye sasuntha. Loyera la kumchira likafa wobwera kumbuyo ndi ndege yothamanga sakuonani n'komwe.

2. ONSE ATATU SAKUYAKA

Mababu atatu sapsera limodzi, pokhapokha voteji itakwera mopenga. Yang'anani m'kati.

- Master simunayatse, kapena mwakankha switchi ina. Osaseka, pa ma Cessna akale maswitchi amafanana ndipo zolemba zinafufutika ndi zala za ophunzira.
- Buleka yatuluka. Yendetsani chala pa mabuleka onse, maso okha amaphonya. Pa Cessna 172R ndi 172S switchi yomweyo ndi buleka, imangodzigwetsa yokha. Ndege zakale kwambiri zili ndi mafyuzi, tchekani fyuzi ndipo musinthe ndi ya ma amp ofanana, osati yokulirapo.
- Batire latha mphamvu. Zizindikiro zina zimakhalapo, ma flap a m'mapiko akuyenda mwaulesi, beacon (getsi lofiira lophethira la pamchira) yafooka, contactor (yolumikiza batire) ikungolira tetete.
- Switchi yapsa m'kati. Imamveka yofewa kapena yotentha, nthawi zina imayatsa mukaigwedeza.
- Waya wamasuka kuseri kwa panelo.

Ziwiri zomalizazi si zanu. Osalowetsa dzanja kuseri kwa panelo master ili yoyaka, wotchi kapena mphete ikagunda basi ya magetsi (bus, kachitsulo kogawa magetsi) ndi moto.

3. BULEKA IKUTULUKA MUKANGOYATSA

Apa ndiye pofunika mutu wozizira. Buleka ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asapse, ikatuluka ikukuuzani kuti penapake pakudutsa magetsi ochuluka.

- Shoti: waya wakhulika n'kugunda chitsulo, kawirikawiri pomwe phiko limalumikizana ndi thupi la ndege, kunsonga kapena kumchira.
- Madzi mu soketi mvula ikagwa kapena ndege itatsukidwa ndi paipi.
- Babu lolakwika lokoka ma amp ambiri, kapena wina analumikiza chinthu china pa waya wa NAV, mwachitsanzo potchajira foni kapena GPS. Pa ma Cessna ambiri kagetsi kowerengera mapu kamene kali pansi pa chiwongolero kamadya pa NAV pomwepo, ndipo waya wake amayenda ndi chiwongolero, naye amakhulika.
- Buleka yokalamba yomwe ikutuluka popanda chifukwa. Ilipo koma ndi yomaliza, ndipo amene angaweruze ndi injiniya atayeza.

Muli pansi: thimitsani switchi, dikirani mphindi zingapo buleka izizire, bwezerani kamodzi. Ikatulukanso basi yatha, lembani mu tech log, buku lolembamo zovuta za ndege. Osaigwira ndi chala kuti isatuluke, osaimanga. Mukamva fungo la waya wopsa musabwezere ngakhale kamodzi komwe, thimitsani master. Kumbukirani kuti mawayawa amadutsa m'mapiko momwe muli mathanki a avgas, mafuta a ndege.

Nthawi ya buleka imanenanso zambiri, muuzeni injiniya. Yotuluka pompopompo ndi shoti yeniyeni, yotuluka pakatha mphindi zingapo ndi katundu wochuluka kapena polumikiza potentha, yotuluka pokhapokha ndege ikamayenda pansi kapena mukagwedeza rudder ndi waya wokhulika amene amagunda mwa apo ndi apo.

4. AKUYAKA KOMA MOFOOKA

- Batire lochepa mphamvu, injini isanalire. Lizani injini muone. Voteji ya pa basi ya magetsi iyenera kufika cha pa 14V kapena 28V alitaneta, yotchaja batire, ikamagwira. Pa RPM (liwiro la injini) yotsika magetsi onse ali oyaka kagetsi ka voteji yochepa kangayake n'kuthima mukakweza RPM, mabuku a Cessna amanena kuti zimenezo n'zabwinobwino. Kakapanda kuthima pa RPM yokwera ndiye nkhani ndi alitaneta, lamba wake kapena regulator yowongolera voteji, ndipo ulendo wamadzulo wathera pomwepo chifukwa usiku batire lokha silikufikitsani patali.
- Galasi lakuda ndi fumbi, tizilombo kapena matope. Mavu amakondanso kumanga m'timipata ta ndege yokhalitsa osauluka. Tsukani ndi madzi ndi nsalu yofewa. Pa pulasitiki osapaka petulo, thina, acetone kapena mankhwala otsukira mawindo a m'nyumba, amachititsa timing'alu.
- Pulasitiki yophimba inapsa ndi dzuwa, yachita chikasu kapena mbuu. Ngati lobiriwira layamba kuoneka loyera kapena lofiira laoneka ngati lalanje, galasi lisinthidwe.
- Ethi yadzimbiri. Getsi limodzi lofooka pamene anzake ali owala ndi chizindikiro chake chenicheni.
- Babu la 28V pa ndege ya 14V, monga tanena.
- Babu lokalamba lomwe lada m'kati. Latsala pang'ono kufa, sinthiranitu.

5. AKUPHETHIRA KAPENA AKUYAKA N'KUTHIMA OKHA

Magetsi a NAV sayenera kuphethira. Ngati ndi limodzi, ndi babu lomasuka mu soketi, sipuling'i ya pansi pa soketi yafooka, kapena ethi. Mnzanu ayang'ane getsi inu mukugwedeza nsonga ya phiko pang'onopang'ono kapena mukuponda ma pedo, muona pomwe likuthimira.

Ngati ndi onse pamodzi, ngakhale a pa panelo, ndipo muvi wa ammeter ukuvina nawo, vuto si la magetsi a kunja. Ndi regulator, alitaneta, kapena mbali ya ALT (ya alitaneta) ya master switch yomwe ikachita dzimbiri imavinitsa voteji pa ma Cessna ambiri akale. Injiniya.

6. BABU LOMWELO LIKUPSA PAFUPIPAFUPI

- Kugwedezeka. Soketi kapena nsonga ya phiko yamasuka, masikulu atha. Propela yosalinganizika imaphanso mababu.
- Voteji yakwera. Ngati mababu osiyanasiyana akupsa motsatizana m'milungu yochepa ndipo batire likuuma madzi msanga, regulator iyezedwe, wailesi zanu zisanatsatire.
- Madzi akudonthera pa babu lotentha.
- Babu la galimoto kapena lopanda mapepala. Limalowa mu soketi inde koma silinapangidwire zimenezi, ndipo pa ndege silololedwa.

Landing light ili ndi mbiri yakeyake. Babu la GE 4509 lomwe lili pa ndege zambiri za 14V moyo wake wolembedwa ndi maola 25 okha. Cessna inaika landing light ya 172 pamphuno pansi pa injini mu 1971, n'kuibwezera kuphiko mu 1982 chifukwa kugwedeza kwa injini kumapha mababu. Ndiye ngati yanu ndi ya zaka za pakatipo musadabwe, khalani ndi lapadera m'ndege, kapena kambiranani ndi mwini wake za LED yovomerezeka. Babu la halogen osaligwira galasi lake la m'kati ndi zala.

7. BEACON KAPENA MA STROBE AKUVUTA

Beacon yofiira ya pamwamba pa mchira:
- Siikuyaka: babu, kenako buleka, kenako kabokosi kophethiritsa.
- Ikuyaka osaphethira: kabokosi kophethiritsa kafa. Pa zozungulira zakale ndi kamota kapena magiya ake, mverani ngati ikulira.
- Ikuphethira mwaulesi: voteji yochepa.

Ma strobe, magetsi oyera ong'anima mwamphamvu, a chubu cha xenon:
- Mbali imodzi yafa: chubu chatha, kapena pulagi, kapena bokosi la mphamvu la mbali imeneyo ngati lililonse lili ndi lake. Chubu chakuda kunsonga chakalamba.
- Mbali zonse zafa: buleka, switchi, kapena bokosi limodzi lodyetsa onse.
- Akudumpha kuphethira kwina: chubu chokalamba kapena voteji yochepa. Ikani khutu pafupi ndi bokosi, labwino limalira kamluzu kokwera lisanaphethire.

Chenjezo lalikulu: bokosi la strobe limasunga ma volt mazana angapo ngakhale mwathimitsa master. Osatsegula, osagwira chubu kapena pulagi yake pasanathe mphindi 10 chithimitsireni, ndipo kunena zoona musagwire n'komwe ngati si inu injiniya. Ndege ikakhala chaka chonse osauluka muuzeni injiniya asanayatse ma strobe, ma capacitor (tosunga mphamvu m'bokosimo) okhalitsa amafuna kudzutsidwa pang'onopang'ono ndi voteji yochepa. Potcheka osayang'anitsitsa strobe pafupi, onerani kuwala kwake pansi kapena pakhoma la hangar, maso anu muwafuna posachedwa. Ndipo madzulo mukamayenda pansi pafupi ndi ndege zina ma strobe athimitseni mpaka polowa mu runway, mumachititsa anzanu khungu. Mu mtambo kapena utsi wambiri nawonso amakuzunguzani nokha.

Funso lomwe limabwera nthawi zonse ndi loti beacon yafa koma ma strobe ali bwino, kodi ndinyamuke? Yankho lili mu MEL (mndandanda wonena zida zomwe ndege ingauluke nazo zili zakufa) kapena mndandanda wa zida m'buku la ndege yanuyo ndi malamulo a dziko lake, osati kwa mnzanu wa pa WhatsApp.

8. MUKAYATSA MAGETSI WAILESI IKUCHITA PHOKOSO

- Kulira kotsatana ndi strobe m'mahedifoni: waya wotchinga wa strobe wamasuka ethi, kapena bokosi lakalamba. Kochepa kamakhalapo pa ndege zambiri zakale, kakayamba kuphimba mawu a tower ndiye kakonzedwe.
- Phokoso la shiii lomwe layamba mutaika LED: ma LED otchipa amatulutsa phokoso pa ma frequency a ndege, 118 mpaka 137 MHz. Choopsa chake n'choti nthawi zina simumva phokoso, wailesi imangosiya kumva kutali. Yesani chonchi: tsegulani squelch (yotsekera phokoso la wailesi), mverani siteshoni yomveka mofooka, yatsani ndi kuthimitsa getsi limodzilimodzi.
- Ethi yoipa pa intercom kapena pa getsi lenilenilo.

Poti tatchula LED, ndi abwino zedi, amakoka magetsi ochepa ndipo saopa kugwedezeka, pa ndege zotera m'tchire ndi ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito. Koma akhale ovomerezeka pa ndege, a m'mapiko amayendera muyezo wa TSO-C30c, ndipo aikidwe ndi injiniya n'kulembedwa m'buku. LED ili ndi mbali ya pozitivu ndi negetivu, ena sayaka mukatembenuza. LED yoyera kuseri kwa galasi lofiira kapena lobiriwira imatulutsa mtundu wofooka kapena wolakwika. Ndipo LED siifa kamodzi ngati babu, timaso tina timathima tina n'kutsala, ndiye potcheka onani ngati tonse tikuyaka, pepala la opanga limanena kuti tingati tikafa getsi latha ntchito.

9. MITUNDU YASINTHANA

Sizichitikachitika, koma ndege ikachoka kopentedwa kapena atasintha magalasi zimatheka kupeza lofiira kumanja. Maso amangoona kuti ayaka onse, mutu osafunsa kuti ali mbali yake. Woyendetsa amakhala kumanzere, lofiira lili mbali yake. Mukapeza zasinthana ndege isauluke madzulo mpaka zitakonzedwa, izi ndi zoipa kuposa getsi lakufa chifukwa mukuuza aliyense kuti mukupita pamene mukubwera.

10. MWAYATSA NAV, MAGETSI ENA M'KATI AZIMIRIRA

Iyi imaopseza anthu pachabe. Pa Piper Arrow, ndege yomwe matayala ake amapindikira m'kati, mukayatsa magetsi a NAV ndi a panelo, timagetsi titatu tobiriwira ta matayala timadzichepetsa tokha kuwala poganiza kuti ndi usiku. Nthawi ya chisisira kunja kukadali kowala, makamaka mukutera moyang'ana kumadzulo dzuwa lili m'maso, timaoneka ngati tathima, munthu n'kuyamba kuganiza kuti matayala sanatsike. Musanachite mantha phimbani ndi dzanja, kapena thimitsani NAV kwa sekondi imodzi muone. Ndege zina zimachita chimodzimodzi ndi manambala a wailesi. Werengani buku la ndege yanu pa gawo la magetsi mudziwiretu zomwe switchi imeneyi imakhudza.

MWAPEZA VUTO, NTHAWI YATHA

Werengerani moona mtima. Nthawi yofika, kuonjezapo mphepo yakutsogolo, kuzungulira mvula, kudikira pa bwalo, ndi ulendo wopita ku bwalo lina ngati loyamba lakanika. Zikadutsa nthawi yolowa dzuwa ya kumene mukupitako, getsi lakufa ndi lokugonetsani. Tengani nthawi ya komwe mukatere osati ya konyamukira, wopita kum'mawa dzuwa limamulowera msanga. Mabwalo ambiri ang'onoang'ono a m'dera lathu lino alibe magetsi a pa runway ndipo amatseka dzuwa likalowa, ndiye amene wachedwa amathera ku bwalo lalikulu ngati Kamuzu kapena Chileka komwe kuli ndege zina m'mwamba, komwe magetsi anu akufunika koposa.

Ngati ulendo ndi wa masana enieni ndipo MEL kapena malamulo akulola kuuluka getsi lili lakufa, sikungonyamuka ayi. Vuto lilembedwe mu tech log, woyenera asaine, pa switchi pamatidwe kapepala kosonyeza kuti sichikugwira, kuti amene atenge ndege madzulo asadzagwe m'dzenje lomwelo.

NDANI AKHUDZE CHIYANI

Ku America, Part 43 ya malamulo a ndege imalola payiloti wa laisensi kusintha mababu ndi magalasi a magetsi a m'mapiko ndi landing light pa ndege yake yosachita malonda, n'kulemba m'buku. Anthu amawerenga zimenezo pa intaneti n'kutenga sikuludiraiva. Koma ndege ya nambala yoyamba ndi 7Q (Malawi), 9J (Zambia), C9 (Mozambique), Z (Zimbabwe) kapena ZS (South Africa) imayendera malamulo a kwawo, ndipo ndege ya kampani kapena ya sukulu ili ndi malamulo akenso. Wophunzira ntchito yake ndi kuona ndi kunena, basi.

Itanani injiniya osazengereza ngati:
- buleka yatuluka kawiri, kapena fyuzi yatsopano yapsa
- pali fungo lopsa, switchi yotentha, kapena pulasitiki yosungunuka pa soketi
- mukumva fungo la mafuta kapena mukuona madontho abuluu a avgas pafupi ndi getsi
- babu latsopano lakana
- vuto lili pa strobe kapena bokosi lake
- kagetsi ka voteji sikakuthima, kapena ammeter ikuonetsa kuti batire likutha injini ikulira
- pakufunika kuchotsa nsonga ya phiko kapena kutsegula panelo
- vuto limabwera n'kupita lokha

Polemba mu tech log osangoti magetsi sakugwira. Lembani getsi liti, injini inali yolira kapena ayi, buleka inatuluka pakatha nthawi yaitali bwanji, mvula inagwa kapena ndege inatsukidwa, ndi ntchito yomaliza yomwe inachitika pa phikolo. Vuto lobwera n'kupita lijambuleni pa foni likadalipo, chifukwa m'mawa injiniya akayatsa mu hangar lipezeka likuyaka bwinobwino ndipo ndege ibwerera pa mzere ndi waya wake wokhulika yemweyo.